Kaphunzitsidwe ka Contra Corners kwa Woitana Gule wa Contra

Gule wa contra, amene anakhwimira m'matauni ang'onoang'ono a ku New England, kumpoto chakum'mawa kwa dziko la United States, amavinidwa ndi anthu awiriawiri oima m'mizere iwiri italiitali yoyang'anizana. Kutsogolo kwa holo, pafupi ndi oimba, kumaima woitana, munthu amene ntchito yake ndi kuphunzitsa gule aliyense asanayambe, kenaka n'kumatchula mayendedwe ake pamene nyimbo ikulira. Mayendedwe ambiri a gule ameneyu munthu wachilendo amawatola m'mphindi zochepa, koma alipo angapo amene amasokoneza holo yonse akaphunzitsidwa mosalongosoka, ndipo pakati pa amenewa kayendedwe kotchedwa contra corners, komwe anthu awiri a pakati pa mizere amazungulira ndi anthu anayi oima m'ngodya zawo, ndi kamene kamaopedwa kwambiri ndi oitana atsopano.

Malangizo awa atsatira gule wakale wotchedwa Chorus Jig, amene amavinidwabe m'malo monga holo ya tauni ya Nelson ku New Hampshire, chifukwa m'gule ameneyu contra corners amaoneka poyera popanda zina zambiri zomuphimba. Maganizo anga pa nkhaniyi ndi akuti kayendedweka sikawonongeka chifukwa cha anthu awiri amene akuzungulira pakati, ngakhale kuti maso onse amakhala pa iwo. Kamawonongeka chifukwa cha anthu anayi oima m'mbali, amene woitana amaiwala kuwaphunzitsa poganiza kuti iwo akungodikira.

Musanafike ku holo

Yambani ndi kudziwa guleyo m'thupi mwanu, osati papepala pokha. Nyimbo ya contra ili ndi masitepe 64, ogawidwa m'zigawo zinayi za masitepe 16, zimene oitana amazilemba pa makhadi awo kuti A1, A2, B1 ndi B2. Pa liwiro la masitepe 120 pa mphindi, ulendo umodzi wa gule umatha m'masekondi 32, ndipo chigawo chimodzi chimatenga masekondi 8 okha. Mu Chorus Jig amuna onse amaima mumzere umodzi, akazi onse mumzere wina, ndipo ovina amagawidwa m'magulu a anthu anayi kuyambira kumtunda kwa holo kumene kuli oimba. Awiri apamtunda m'gulu lililonse ndi otsika, chifukwa ulendo uliwonse amasendera kumunsi kwa holo, pamene awiri apamunsi ndi okwera. Mu A1 otsika amatsikira kunja kwa mizere, aliyense kumbali kwake, n'kubwerera. Mu A2 amatsikira pakati ali limodzi, aliyense amatembenuka payekha, amabwerera, kenaka amachita cast off, kutanthauza kuti amazungulira wokwera wa mzere wawo n'kukaima kumunsi kwake. B1 yonse ndi ya contra corners, ndipo B2 ndi ya balance ndi swing ya otsika, kutanthauza kuti awiriwo amagwirana manja n'kusendera kutsogolo ndi kumbuyo (balance), kenaka amagwirana moyandikana n'kuzungulira mofulumira pamalo amodzi (swing).

Contra corners weniweniyo ali ndi mizungulire inayi. Wotsika amagwira mnzake dzanja lamanja pakati pa mizere n'kuzungulira naye pafupifupi theka, amapita kwa wapangodya woyamba n'kuzungulira naye ndi dzanja lamanzere ulendo wathunthu, amakumananso ndi mnzake pakati ndi dzanja lamanja, kenaka amazungulira ndi wapangodya wachiwiri ndi dzanja lamanzere. Wapangodya woyamba ndi munthu woima mumzere wa tsidya lina, chopingasa kudzanja lamanja, ndipo wachiwiri ndi woima chopingasa kudzanja lamanzere. Popeza mwamuna ndi mkazi ayang'anizana, kumanja kwa wina ndi kumanzere kwa mnzake, choncho mwamuna amayamba ndi mkazi wa kumunsi pamene mkazi amayamba ndi mwamuna wa kumtunda. Musanaphunzitse aliyense, ikani mipando isanu ndi umodzi m'chipinda mwanu m'mizere iwiri, ndipo muyende njira ya munthu aliyense mwa asanu ndi mmodziwo, kuphatikizapo anayi a m'ngodya. Woitana amene wangoyendapo njira ya mwamuna wotsika yekha adzasowa chonena mkazi wokwera akadzafunsa kuti ayang'ane kuti.

Lembaninso mawu enieni amene mudzanene pophunzitsa, ndipo mukawalemba muchotsepo theka. Anthu oima pamzere amene abwera kudzavina amamva ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyambirira, kenaka amayamba kucheza ndi amene ayandikana nawo. Sankhaniponso pasadakhale mayina amene mudzagwiritse ntchito pa mbali ziwiri za gule. Magule ambiri a masiku ano anasiya kunena kuti amuna ndi akazi, ndipo amati larks ndi robins kuti aliyense avine mbali imene akufuna. Funsani okonza gule a pamalopo kuti anthu awo anazolowera chiyani, ndipo musasinthesinthe pakati pa usiku. Muno ndikunena kuti mwamuna ndi mkazi pofuna kutchula mbali za gule, osati anthu amene akuzivina.

Malo a guleyu pa ndandanda ya usikuwo ndi ofunika kuwaganizira. Musamuike koyambirira, pamene alendo amene angophunzira kwa theka la ola gule asanayambe akadali kulimbana ndi swing, ndipo musamuikenso kumapeto pamene miyendo ndi mitu yatopa. Malo abwino ndi chakumapeto kwa gawo loyamba la usiku kapena kumayambiriro kwa gawo lachiwiri. Magule amene amutsogolera akhale atakonza kale njira: mmodzi akhale ndi allemande, kumene ndi kuzungulira anthu awiri atagwirana dzanja limodzi, ya dzanja lamanja ndi ya lamanzere, kuti anthu azolowere kugwirana chigongono chitapindika, dzanja litawongoka, osafinyana chala chachikulu, ndiponso akukokana mofanana kotero kuti mzungulire uzithamanga. Wina akhale ndi cast off, kapena kayendedwe kena kochitidwa ndi munthu woima chopingasa. Mukatero, pofika pa Chorus Jig chatsopano chidzakhala chimodzi chokha. Khalaninso ndi khadi la gule wosavuta m'thumba, kuti ngati holo yadzaza ndi alendo kuposa mmene munayembekezera, musinthe popanda wina kudziwa.

Lankhulani ndi oimba nthawi ikadalipo. Chorus Jig ali ndi nyimbo yakeyake ya dzina lomwelo, ndipo magulu ambiri oimba amaiphatikiza ndi ina yotchedwa Opera Reel. Apempheni kuti ayambe ndi liwiro lofatsa pang'ono ndi kuti chiyambi cha chigawo chilichonse chizimveka bwino, chifukwa wovina amene wasochera amapezanso malo ake pomva pamene chigawo chatsopano chayambira.

Kuimika mizere

Pemphani mizere ifupiifupi yambiri m'malo mwa mizere italiitali yochepa. Mu Chorus Jig otsika ndiwo amavina kwambiri, ndipo okwera ayenera kufika kumtunda kwa mzere asanakhale otsika. Mumzere wa anthu awiriawiri okwana 20, awiri a kumapeto amafunika maulendo 19 kuti afike kumtunda, zimene zimaposa mphindi khumi, ndipo gule angathe iwo asanalaweko mbali yokoma. Mumzere wa awiriawiri asanu ndi atatu aliyense amapeza mpata wake.

Anthu akagwirana manja anayianayi kuyambira kumtunda, nenani momveka kuti pasakhale wodutsa kupita kumzere wina. Magule ambiri a makono amayamba otsika atasinthana malo ndi anzawo, ndipo ovina ozolowera amadutsa osaganiza n'komwe. Yang'anani mzere uliwonse ndi maso anu, chifukwa awiri okha amene asinthana malo amasokoneza ngodya za anthu asanu ndi mmodzi. Kenaka yendetsani A1 ndi A2 mwachangu, pakuti n'zosavuta, koma muime pa cast off mpaka mutatsimikiza kuti wotsika aliyense waima kumunsi kwa wokwera amene wamuzungulira, ndipo onse ayang'ana tsidya lina la mzere.

Kudziwana nkhope manja asanagwirane

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo musafulumirepo. Auzeni anthu kuti asasunthe phazi. Muyambe ndi otsika: ayang'ane mnzawo amene ali patsogolo pawo, kenaka ayang'ane munthu amene waima pafupi ndi mnzawoyo chakumanja, amulozere ndi dzanja ndi kumupatsa moni. Ameneyo ndiye wapangodya woyamba. Abwerere kwa mnzawo, ayang'ane chakumanzere, apereke moni kwa wapangodya wachiwiri. Musanene kuti kumtunda kapena kumunsi pa nthawi imeneyi, chifukwa mawu amenewo amafuna kuti mupereke malangizo awiri osiyana, a amuna ndi a akazi, ndipo theka la holo lidzatola malangizo a theka linalo. Mawu akuti chopingasa kumanja ndi oona kwa aliyense.

Tsopano tembenukirani kwa okwera, ndipo muwatchule mwachindunji kuti adziwe kuti mukulankhula ndi iwo. Chimene oitana ambiri sanena ndi chakuti wokwera aliyense amazunguliridwa kawiri, ndi anthu awiri osiyana ochokera mbali ziwiri zosiyana. Iye ndi wapangodya woyamba wa wotsika mmodzi, komanso ndi wapangodya wachiwiri wa wotsika wina, ndipo mmodzi mwa otsika awiriwa ndi wa m'gulu loyandikana ndi lake, amene sanavine naye n'komwe mu A1 ndi A2. Mwayi wake ndi wakuti lamulo la otsika lija limagwiranso ntchito kwa iwo: woyamba kudzawazungulira achokera chopingasa kumanja kwawo, wachiwiri achokera chopingasa kumanzere. Choncho auzeni okwera kuti nawonso aloze kumanja, kenaka kumanzere, ndipo aliyense apeze kuti munthu amene akumuloza nayenso akumuloza iye. Ngati wina akuloza munthu amene akuyang'ana kwina, vuto mwalipeza nyimbo isanayambe, pamene kulikonza n'kosavuta.

Apatseni okwera ntchito zitatu zomveka. Dzanja lawo ndi lamanzere lokha, ndipo lamanja angathe kuliika kumbuyo ngati zimenezo ziwathandiza kukumbukira. Atukule dzanja lamanzerelo molawirira ndi kuyang'ana m'maso munthu amene akubwera, kuti wotsika amene wazunguzika aone dzanja likumuyembekezera n'kulilunjika. Ndipo akamaliza mzungulire woyamba abwerere pamalo pawo mumzere n'kutembenukira kumanzere nthawi yomweyo, osatsatira wotsika uja kulowa pakati. Wokwera amene akudziwa ntchito yake amatha kupulumutsa wotsika wachilendo, koma wotsika waluso sangachite kanthu akafika pangodya n'kupeza munthu atapinda manja akuonerera oimba.

Bwerezani kulozerana kumeneku kawiri kapena katatu mofulumira, mukunena mawu omwe mudzagwiritse ntchito nyimbo ikamalira: mnzanu, woyamba, mnzanu, wachiwiri. Kubwereza kumeneku kumatenga masekondi ochepa, ndipo kumalowetsa dongosolo la mizungulire inayi m'maso mwa anthu miyendo isanalowererepo.

Kuonetsa

Ngati m'holo muli anthu ambiri amene sanaonepo kayendedweka, kaonetseni. Tsikani pa nsanja, sankhani anthu asanu ndi mmodzi a pakati pa holo amene munawapempha kale mwakachetechete, ndipo pemphani ena onse kuti akhale pansi kapena anjute kuti a kumbuyo aone. Anthu asanu ndi mmodziwo achite kamodzi pang'onopang'ono, mukuimitsa pa mzungulire uliwonse, kenaka achite kamodzi pa liwiro la nyimbo. Ulendo wachiwiriwu ndi wofunika, chifukwa umasonyeza kuti kayendedweka ndi kopepuka kakamathamanga kusiyana ndi mmene kamaonekera kakamadulidwadulidwa. Uzani oonerera kuti aliyense atsate ndi maso munthu mmodzi yekha amene waima pamalo ofanana ndi ake, ndipo muwakumbutse okwera kuti ayang'ane a m'ngodya, chifukwa mukapanda kutero onse adzatsata awiri a pakati. Musasankhe mlendo kuti aonetsere, ndipo musasankhenso katswiri wokonda kuwonjezera tizungulire take tokometsera.

Kuyendetsa popanda nyimbo

Ulendo woyamba uduleni m'zidutswa ziwiri, osati zinayi. Chidutswa choyamba ndi ichi: otsika agwirane dzanja lamanja, azungulire pafupifupi theka, asiyane, apite kwa wapangodya woyamba, azungulire naye ndi lamanzere mpaka ataonanso mnzawo, ndipo aime pomwepo. Mawu akuti mpaka mutaonanso mnzanu ndi abwino kuposa kutchula tizigawo ta mzungulire, pakuti munthu amene akuzungulira sangayeze magawo atatu a magawo anayi, koma nkhope ya mnzake amaidziwa. Onse akaima, funsani otsika kuti aloze wapangodya wawo wachiwiri asanasunthe. Ena adzapeza kuti mutu wazungulira ndipo sakumudziwanso, ndipo apa m'pamene dzanja lotukulidwa la wokwera limasonyeza phindu lake. Chidutswa chachiwiri ndi dzanja lamanja kwa mnzawo, lamanzere kwa wapangodya wachiwiri, kenaka kukumana pakati kuti achite balance ndi swing.

Zolakwika zimene mudzaone n'zodziwikiratu, ndipo ndi bwino kuzidziwa kuti muzizindikire msanga muli pa nsanja. Chofala kwambiri ndi kudumpha mzungulire wapakati: wotsika akachoka kwa wapangodya woyamba amalunjika kwa wachiwiri osagwira mnzake, amafika molawirira, ndipo amapeza kuti wapangodyayo akadali kuzungulira ndi munthu wina. Mankhwala ake ndi kutsindika kuti manja amasinthanasinthana, lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere, ndi kuti dzanja lamanja ndi la mnzako yekha. China ndi kuzungulira mnzako mopitirira, ulendo wathunthu kapena kuposa, kumene kumadya masitepe a wapangodya. Nenani kuti kugwirana kwa pakati n'kwachidule, kongokuponyerani tsidya lina, ndipo mzungulire weniweni uli kungodya. Chachitatu ndi cha okwera amene amapereka dzanja lamanja mwachizolowezi cha moni.

Mukaona cholakwika, musatchule munthu kapena mzere wake pa chimkuzamawu. Nenani kwa holo yonse chimene chiyenera kuchitika, osati chimene chalakwika, chifukwa munthu akamva kuti asapite kumanzere, mawu amene amatsala m'khutu mwake ndi akuti kumanzere. Ovina ozolowera adzafuna kuthandiza, ndipo kawirikawiri amathandiza ndi pakamwa, anthu atatu kulankhula ndi mlendo mmodzi nthawi imodzi pamene inunso mukulankhula. Apempheni mwaulemu kuti athandize ndi maso ndi dzanja lotambasulidwa, ndipo asakoke kapena kukankha munthu.

Swing ikatha, otsika amalize atayang'ana kumtunda kwa holo, mkazi ali kudzanja lamanja la mwamuna, chifukwa kaimidwe kameneka kamabwezera aliyense kumbali ya mzere wake, okonzeka kupatukana ndi kutsikira kunja. Mfundo imeneyi ndi yaing'ono, koma mukaisiya, ulendo wotsatira udzayamba anthu ena ali kumzere wolakwika.

Pali chinthu china chimene oitana ochepa okha amachita, chimene ine ndimachiona kuti n'chopindulitsa kuposa kuyendetsa gule yense kachitatu. M'kuyendetsa konseku okwera sanayesepo mbali ya pakati, komabe pakangopita mphindi zochepa adzafika kumtunda n'kukhala otsika nyimbo ili pakati, popanda wowaphunzitsa. Popeza mizere yaima mosinthanasinthana, okwera nawonso ali pakati pa magulu awiri a otsika, kupatula a kumtunda kwenikweni. Choncho bwezerani otsika m'mizere, ndipo nenani kuti tsopano okwera achite contra corners kamodzi, otsika akhale a m'ngodya. Izi zimapatsa aliyense mpata wolawa mbali zonse ziwiri, ndipo otsika amaphunzira ntchito ya pangodya imene adzaigwire akafika kumunsi. Mukatero nenani momveka kuti kumeneko kunali kuyesa chabe ndipo maudindo abwerera mwakale. Gule wina wa makono wotchedwa Alternating Corners, amene anapeka Jim Kitch, anamangidwa pa ganizo lomweli, pakuti m'menemo otsika ndi okwera amasinthana mbali ya pakati ulendo uliwonse.

Ulendo wachiwiri woyendetsa gule yense uyambire pamalo atsopano pamene anthu afika, kuti aone kuti a m'ngodya amasintha ulendo uliwonse, ndipo uchitike pa liwiro loyandikira la nyimbo, mopanda kuima. Ngati wayenda bwino, musapitirize kulankhula.

Kumapeto kwa mizere

Kumunsi kwa mzere kumafuna chiganizo chimodzi kapena ziwiri musanayambe. Otsika amene afika kumapeto kwenikweni pambuyo pa cast off sapeza anthu kumunsi kwawo, kotero kuti mwamuna alibe wapangodya woyamba ndipo mkazi alibe wachiwiri. Auzeni kuti azungulire ndi munthu wongoganizira, akuwerenga masitepe omwewo, kuti akumane ndi mnzawo pa nthawi yake. Ulendo wotsatira awiri amenewa amakhala kunja akudikira, koma asachoke pamzere kapena kusinthana malo, chifukwa otsika amene akubwera pamwamba pawo adzawafuna ngati a m'ngodya mu B1. Anthu ozolowera magule a makono amadutsa kupita tsidya lina akangotuluka kumapeto, ndipo m'gule uyu chizolowezi chimenecho n'cholakwika. Kumtunda, okwera amene angofika pamwamba amazunguliridwa kamodzi kokha aliyense, ndipo ndi bwino kuwauza kuti asadabwe pamene mbali ina sikubwera munthu.

Nyimbo ikayamba

Oimba amagunda kanayi asanalowe m'nyimbo, ndipo mawu anu oyamba ayenera kutha m'kugunda kumeneko. Lamulo lomweli ligwire ntchito gule yense: liwu la woitana limabwera kayendedwe kasanayambe, kumapeto kwa chigawo chimene chikutha, kuti phazi loyamba ligwe pa sitepe yoyamba ya chigawo chatsopano. Pa contra corners lamuloli limavuta, chifukwa mizungulire inayi iyenera kukwana m'masitepe 16, pafupifupi anayi pa uliwonse, ndipo mulibe mpata wa ziganizo. Pamene otsika akumaliza cast off, nenani kuti mnzanu lamanja. Akangogwirana, nenani kuti woyamba lamanzere. Ali mkati mozungulira ndi woyambayo, nenani kuti mnzanu lamanja, kenaka wachiwiri lamanzere, ndipo pa masitepe omaliza a chigawocho itanani balance ndi swing. Liwu lanu ndi mapazi awo ziyenera kulandizana ngati misi iwiri mumtondo umodzi, wina ukamatsika wina ukukwera. Mukanena mawu pa nthawi imene kayendedwe kakuchitika, mwachedwa kale, ndipo ovina amene amadalira mawu anu adzachedwa nanu limodzi. Yesererani zimenezi kunyumba ndi nyimbo yojambulidwa mpaka mawu azigwa okha pamalo pake.

Pa maulendo awiri kapena atatu oyamba itanani zonse. Kenaka fupikitsani, muzingoti woyamba ndi wachiwiri, ndipo pambuyo pake muzingotchula dzina la kayendedwe kumapeto kwa A2. A1 ndi A2 mungasiye kuziitana msanga. Mudzaona okwera ena akuba swing pakati pa mizere pamene otsika ali kunja mu A1. Chimenechi ndi chizolowezi chakale pa gule ameneyu, ndipo palibe chifukwa chochiletsera malinga abwerera m'malo mwawo otsika asanalowe pakati.

Musasiyiretu kuitana pongoona kuti pakati pa holo zikuyenda bwino. Pa maulendo awiri aliwonse, kumtunda kwa mzere uliwonse kumalowa otsika atsopano amene akuchita mbali ya pakati koyamba ndi nyimbo, ndipo pa maulendo omwewo ndi pamene liwu lanu likufunikanso. Iwo ali pafupi ndi nsanja, choncho mungathe kuwathandiza ndi mawu ochepa kapena ndi dzanja lolozera. Koma maso anu asakhazikike pa anthu a pafupi okha, chifukwa alendo amakonda kuima kumunsi kwa holo ndi m'mizere ya m'mbali, kutali ndi woitana, ndipo chisokonezo chimayambira kumeneko.

Gulu limodzi likasokonezeka, musayese kulikonza B1 ili mkati, pakuti masekondi 8 adzatha musanamalize chiganizo. Chorus Jig ali ndi ubwino wakuti B2 yonse ndi ya otsika ndi anzawo, choncho mawu opulumutsa ndi akuti pezani mnzanu, swing. Masitepe 16 amenewo ndi okwanira kuti okwera abwerere m'mizere ndi kuti otsika amalize atayang'ana kumtunda, ndipo ulendo wotsatira umayamba bwino ngati kuti palibe chinachitika. Ndi nzeru kuwauza anthu njira yopulumukira imeneyi nyimbo isanayambe, chifukwa munthu amene akudziwa kuti kusochera kuli ndi pothera sachita mantha, ndipo wopanda mantha sasocheranso kawirikawiri. Mzere wonse ukasokonezeka, uuzeni kuti ugwirane manja anayianayi kuyambira kumtunda ndi kudikira chiyambi cha nyimbo, pamene mizere ina ikupitiriza, ndipo mubwerere kuitana mawu onse kwa ulendo umodzi kapena iwiri. Holo yonse ikasokonezeka, perekani chizindikiro kwa oimba kuti amalize, nenani mwachidule kuti kafotokozedwe kanu sikanakwanire, ndipo musankhe pakati pa kuyendetsanso kamodzi ndi kutulutsa khadi la gule wosavuta lija. Ngati nkhope za anthu zikusekabe, yesaninso. Ngati ayamba kuyang'ana mipando, sinthani gule.

Zikamayenda bwino, werengani maulendo kuti mudziwe pamene awiri amene anayambira kumapeto kwa mzere wautali koposa afika kumtunda ndi kuvina ngati otsika kawiri kapena katatu. Pamenepo uzani oimba ndi zala, B2 ili mkati, kuti kwatsala maulendo awiri kapena atatu. Pa ulendo womaliza, popeza okwera akhala akuonerera swing ya anzawo gule yense, itanani mu B2 kuti aliyense achite balance ndi swing ndi mnzake.